Kachipangizo Kanati Mwana Alibe Malungo

Panali munthu wina, bambo wodziwa zamakina, amene anayambitsa kakampani limodzi ndi mayi wina yemwe anaphunzira naye kukoleji. Mayiyo anali katswiri woyeza magazi. Awiriwa ankapanga kachipangizo koyezera malungo ndi malovu, osabaya chala. Munthu amangolavulirapo pang'ono n'kudikira kamphindi. Pakatuluka mzere umodzi ndiye kuti alibe malungo, ikatuluka iwiri ndiye kuti ali nawo.

Ntchito inkayenda bwino koma inali isanathe, ndipo mayiyo sankatopa kuchenjeza.

"Achimwene, kachipangizoka sikanakhwime. Anthu ena odwaladi kakumawauza kuti ali bwino, makamaka ana. Kasatuluke m'chipinda chino."

"Achemwali, inu ndiye mantha," ankayankha bamboyo akuseka. "Tikamangozengereza chonchi anzathu atipitirira."

Osamuuza mnzakeyo, anatapa tizipangizo tingapo n'kuika m'chikwama, n'kumaonetsa anzake kunyumba.

Tsiku lina mwana wake wamkazi, amene anali atangoyamba kumene sukulu, anadzuka thupi lili moto. Mkazi wake anati apite naye kuchipatala.

"Tikatayirenji tsiku lonse pabenchi? Chipatala chili m'chikwama mwangamu," anatero bamboyo.

Mwana analavulira. Panatuluka mzere umodzi.

"Mwaona? Ndi chimfine chabe. Mupatseni mankhwala oziziritsa thupi, agone."

Kunja kunacha, kunada, mwana osasintha. Chakudya anakana, madzi akamwa ankasanza. M'mawa wotsatira mkazi uja anaima pakhomo mwamuna wake akumanga tayi.

"Abambo, mwanayu wafooka. Mtima wanga sukundilola. Tatisiyani kuchipatala musanapite kuntchito."

Koma tsiku limenelo kukampani kunkabwera alendo ochokera ku bungwe lina lalikulu, amene ankafuna kuthandiza kuti kachipangizoko kafike m'zipatala. Bamboyo anatulutsa kena, n'kumuyezanso mwana mothamanga. Mzere umodzi.

"Kanama dzana, kanamanso lero? Mukukayikira ntchito ya manja anga, amayi? Ndikabwerako tiona."

Anatuluka. Atafika kuntchito anazimitsa foni kuti isamusokoneze.

Alendo anakhala kuzungulira tebulo. Bamboyo analankhula mokoma, alendo akugwedeza mitu. Mmodzi wa iwo anafunsa kuti, "Inuyo mumakakhulupirira bwanji kachipangizoka?"

"Ndi mtima wonse. Ngakhale mwana wanga weniweni ndamuyeza nako m'mawa uno. Akutentha thupi, koma ndatuluka m'nyumba mtima uli m'malo."

Mnzake uja anadzuka pampando.

"Mwati mwayeza ndani?"

"Achemwali, tikambirana alendo akapita."

"Mwanayo wayamba liti kutentha?"

"Dzana."

"Kuchipatala wapita?"

Bamboyo anayesa kumwetulira koma milomo inakana.

"Yatsani foniyo, achimwene. Panopa."

Atangoiyatsa inayamba kulira. Anali mkazi wake.

"Muli kuti? Ndaimba, ndaimba! Mwana akuphupha, maso atembenuka, ndikumuitana sakuyankha. Aneba atinyamula pagalimoto yawo, tili m'njira yopita kuchipatala."

Bamboyo anasiya alendo, chikwama ndi jekete pomwepo. Mumsewu magalimoto anali atathithikana. Anaimika yake pambali n'kuyamba kuthamanga wapansi, tayi ili paphewa.

Anapeza mwana atagonekedwa kale, manesi akusakasaka mtsempha woti aikepo diripi. Dokotala anatembenuka.

"Ndinu bambo ake? Malungo afika ku ubongo. Masiku onsewa munali kuti?"

"Tinamuyeza, analibe."

"Munamuyezera chipatala chiti?"

Bamboyo anayang'ana pansi. Dokotala sanadikire yankho. Anakankha bedi n'kulowa nalo m'chipinda cha odwala mwakayakaya, chitseko n'kutsekeka.

Pakhonde anatsala awiri. Mkazi uja sanakuwe, sanatukwane. Anangofunsa chapansipansi.

"Paja munandiuza kuti anthu amene mumawayeza kuntchito kwanu mumawabayanso chala kuti mutsimikize?"

"Eya."

"Anthu osawadziwa n'komwe. Ndiye mwana wanu yekha ndi amene munamuona kuti safunika kutsimikizira?"

Bamboyo anangokhala pansi pasimenti, manja ali kumutu. Chitseko chikatseguka ankadzambatuka, poganiza kuti akubwera kudzamuuza zoipa.

Mwana anakhala chikomokere kwa masiku angapo. Mwamwayi anatsitsimuka, koma sanabwerere mmene analili. Mwendo umodzi ankachita kuukoka, ndipo mawu ankatuluka movutikira ngati wakhanda amene akuphunzira kumene kulankhula. Alendo aja sanabwerenso. Mnzake uja anatolera tizipangizo tonse n'kukhomera m'kabati, n'kuyambiranso kufufuza pang'onopang'ono monga ankanenera.

Lero bamboyo amapezeka pabenchi lakuchipatala sabata iliyonse, mwana ali pamiyendo, kudikira adokotala ophunzitsa kuyenda. Anzake a mwanayo akadutsa atabereka zikwama za kusukulu, kamtsikanako kamafunsa movutikira kuti, "Adadi, ine ndipita liti?" Ndipo bambo amene ankadziwa kuyankha funso lililonse la alendo amangomupukuta kukamwa.

Phunziro: Chinthu chimene sichinathe kuyesedwa musachiyesere pa moyo wa munthu, ngakhale wochipanga ndinu nomwe. Wodziwa akakuchenjezani, imvani. Mwana akatentha thupi osasintha, thamangani naye kuchipatala ngakhale mwayeza kunyumba n'kupeza kuti alibe kanthu. Msonkhano ukhoza kuchitika mawa, koma matenda sadikira. Tumizirani makolo anzanu nkhaniyi, mwina pali mwana amene akutentha thupi panopa.