Ndowa ya Alden

"Amayi, muli mchenga umu," anatero Corinne, mwana wa Lorna, akulavulira pakansalu.

Lorna anamenyetsa chipande patebulo. "Bodza. Zaka makumi anayi ndikuphika supu wa nkhonoyu, mpingo wonse wa ku Jonesport umachita kunyambita mbale. Kirimu wa mkaka ndi yemweyo, mbatatesi ndi zomwezo."

Analawa yekha. Mchenga unalira m'mano.

Aka kanali koyamba kumuphika chimwalirireni mwamuna wake Alden, amene ankakumba nkhono m'matope nyanja ikaphwera.

Wendell, mng'ono wa malemuyo, anaika supuni pansi. "Alamu, munaziviika m'madzi a m'nyanja kuti zilavule mchenga?"

"Kuziviika kwa chiyani? Zimabwera zoyera kale."

"Zinkabwera zoyera chifukwa achimwene ankayamba aziviika mundowa ija ya pakhonde."

Lorna anaikumbuka ndowayo. Sabata iliyonse ankamukalipira nayo Alden, kuti ndi chitsiru chonunkhitsa khonde la eni. Iye ankangoseka. Maliro atangotha, Lorna anakaitaya kudzala.

"Galu ameneyu," anatero Lorna. "Osandiuza bwanji?"

Corinne anatambasula dzanja kuti achotse mbale. Lorna anaikanirira, nadya supu yense, mchenga ukulira m'mano.