Pepala Lofunda la ku Lusaka

Kettie, kalaliki wa pamishoni ku Neno, analowetsa m'makina a fakisi nambala imene mlendo wina anabwera nayo kuchokera ku Lusaka.

"Amayi, makinawa amakana makalata a anthu osawadziwa. Tsopano mwana wanu amudziwa."

Mayi Nangozo anayang'anitsitsa makinawo. Mwana wawo Laimoni anathawa m'dziko muno nthawi ya chipani chimodzi, ndipo anthu ankati anafa.

Makina aja analira kawiri, nayamba kulavula pepala pang'onopang'ono. Mayiwo sankadziwa kuwerenga, koma anazindikira L wopendama uja amene mwana wawo ankalemba ndi khala pakhoma.

Atakhudza pepalalo, anadzidzimuka.

"Kettie, likufunda! Ndiye kuti wangolisiya kumene, eti?"

Analikanikiza patsaya msangamsanga, lisanazizire.