Njinga Yamoto ya a Mackford

Njinga yamoto inazimanso kachisanu, ndipo a Mackford anagwera m'fumbi pabwalo la ku Area 47.

"Bambo, kilatchi muziisiya pang'onopang'ono," anatero Clive, makaniko amene ankawaphunzitsa. "Paja ndinati mugule yaing'ono. Iyi mapazi anu sakufika pansi."

"Yaing'onoyo ingakafike kumunda kwanga dzinja lino? Njingayi ndi yowonongeka! Mawa ndikukaibweza."

Akazi awo, a Tabitha, amene anangobwera kudzaonerera, anapatsira Clive chikwama chawo, nakwera. Analiza injini, nazungulira bwalo katatu, n'kudzaima pamaso pa amuna awo.

"Munaphunzira liti zimenezi?" anafunsa a Mackford.

"Ndili mlangizi wa zaulimi ku Rumphi, tisanakwatirane. Simunandifunsepo. Kwerani kumbuyoku, tizipita."