Masilipasi Pansi pa Desiki

Mayi a mapasa anaima pakhomo pa kachipinda ka ofesi, manja ali m'chiuno.

"Ofesi ndathana nayo kale, musavutike nayo," anatero amuna awo pa foni dzulo lake. Kuthana nayo kwake n'kumeneku? Mabuku anali ndondondo pa shelefu. Kompyuta ili pa desiki, printa pambali pake, mawaya atapiringizana pansi. Pakona panali mulu wa makatoni opanda kanthu.

Mayiwa anali atangofika m'mawa womwewo kuchokera kumudzi, kumene anakhalitsako posamalira mng'ono wawo atabereka. Katundu wa m'nyumba yonse anamupeza atamangidwa bwino, kukonzekera kusamuka. Mipando, ziwiya ndi zofunda zinali pabalaza kudikira lole. Kunatsala kachipinda aka kokha, chikhalirecho makiyi ankayenera kubwezedwa kwa eni nyumba dzuwa lisanapendeke.

Anaimba foni ya bambo a mapasa. Yozimitsa. Bambowo anali atalawirira ndi ana ku nyumba yatsopano kukadikira anthu olumikiza magetsi.

Zaka zonse zimene anakhala m'nyumbayi, mayi sankaloledwa kulowa m'kachipindaka. Ngakhale kusesa, bambo ankasesa okha, n'kukhoma, kiyi m'thumba. "Mungandisokonezere mapepala a anthu," ankatero. Lero lokha chitseko chinali chotsegula, kiyi ali pomwepo.

"Tsiku la thukuta ndiye mwanditsegulira," anang'ung'udza mayi, akumanga chitenje m'chiuno.

Anayamba ndi mabuku. Katoni yoyamba anaidzaza mpaka pakamwa, koma ponyamula inabooka pansi, mabuku onse n'kukhuthukira pa chala chawo chachikulu. Anadumpha ndi mwendo umodzi, akuluma mlomo. Selotepu nayo inataya mutu, zikhadabo zinachita kutopa kuifunafuna. Atafika pa printa anaima kaye. Inali yatsopano, yonyezimira. Inalowa liti m'nyumba muno? Munthu yemweyu amene amati nsapato za ana zidikire kaye?

Panja lole inaliza hutala.

"Mayi, tafika!" anafuula dalaivala. "Tisachedwetu, ndili ndi ulendo wina masana ano."

"Yambani za pabalazazo, achimwene, ndikubwera!"

Anagwada pansi pa desiki kuti azule mawaya. Dzanja linakhudza chinthu chofewa. Anakoka. Masilipasi apinki, achizimayi, aang'ono bwino. Anayerekeza limodzi ndi phazi lawo. Chidendene chonse chinatsala panja.

Anakhala pansi pomwepo. Kenako pang'onopang'ono anakoka dirowa. Munali chipeso ndi kabotolo ka mafuta onunkhira odzola m'manja. Kuseri kwa kompyuta kunali chithunzi cha kamnyamata kovala yunifolomu, kakumwetulira, makutu ali tambalale.

Mayi anachiyandikitsa kumaso. Makutu amenewo ankawadziwa. Anagona nawo chipinda chimodzi chikwatiwire.

Anacheukira makatoni aja. Ena anali olembedwa kale: "Mabuku." "Zosweka." Zilembo zake zozungulira bwino, osati zokalakala za bambo a mapasa. Ndiye kuti mwini masilipasiyo anabwera mpaka kudzathandiza kulemba makatoni, iwo ali kumudzi kuchapa matewera a mwana wa mng'ono wawo. Kukhoma konse kuja! Mapepala a anthu ake ndi amenewa?

"Mayi, dzuwatu likupita!"

Misozi inafika m'maso koma nthawi yolira panalibe. Anayamba kungoponya. Mafayilo, mawaya, zolembera, zonse m'katoni imodzi, zosweka ndi zosasweka pamodzi. Kompyuta anaikulunga ndi katani imene anachita kuizomola pa zenera. Onyamula katundu analowa n'kutulutsa desiki, mpando ndi shelefu. Posakhalitsa m'kachipindamo munangotsala fumbi.

Masilipasi ndi chithunzi anaziika mu jumbo.

"Bweretsani nazonso tikweze," anatero dalaivala.

"Izi zokha ndinyamula ndekha. Zili ndi mwini wake woti akazilandire m'manja."

"Nanga simukwera?"

"Tsogolani. Ndikudikira eni nyumba ndiwapatse makiyi."

Lole inatuluka ikulira, katundu ali tutumu. Mayi anakhala pakhonde, jumbo ili pamiyendo, akusanja mawu. Sakakalipa ayi, ana angamve. Akangoyala masilipasiwo pa tebulo, chithunzi pambali, n'kufunsa mwaulemu kuti, "Bambo a mapasa, amenewa ndiye mapepala a anthu aja?"

Geti linalira. Analowa mayi wina wamfupi, wa timapazi tating'ono, atagwira dzanja kamnyamata. Mayi a mapasa sanachite kutulutsa chithunzi kuti atsimikize. Makutu aja anali kubwera okha, akuwala ndi dzuwa.

Anaimirira. Mpaka kuwalondola bambo a mapasa pakhomo masanasana!

"Odi kuno! Ndinu mayi a nyumba ino eti?" anatero mlendoyo, akumwetulira ndi kupinda maondo. "Ine ndi amene ndikulowa muno mawa. Amuna anu ndi munthu wabwino zedi. Atasamutsa ofesi yawo sabata yatha, anandisiyira kiyi wa kachipinda kaja kuti ndiyambe kuyala yanga. Dzulo ndinatha tsiku lonse ndikukonza. Ndangobwera kudzatenga kompyuta."

Mayi a mapasa anayang'ana kumsewu. Ngakhale fumbi la lole linali litatha kale. Ndi manja awiri anapereka jumbo ija.

"Yambani mwalandira masilipasi," anatero.