Kanyale Katazima

Mkamwini wanga anandipatsa ntchito yobereka chikwama cha makina ngati bulu. Anthu oonera sewero amavala mahedifoni n'kumayenda m'misewu, ine ndili pambuyo pawo. Mawu onse amachokera m'chikwama changacho, ndipo amawafika m'makutu nthawi imodzi.

"Kanyale aka kakangozima, apongozi, sewero latha, ntchito yanunso yatha," anatero mkamwiniyo, akuloza kanyale ka pachikwamacho. Ana a masiku ano alibe ulemu.

Tsiku lina kutangoda, tili kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu, kanyaleko kanazima. Ndinagwedeza chikwama, ndinamenya batire, koma zii. Ndinadikira kuti anthu ayambe kundikalipira.

Palibe amene anadandaula. Onse anaseka pamodzi. Kenako onse anakhotera m'kanjira kamene sitinadutsemo n'kale lonse.

Ndinamuimbira foni mkamwini.

"Apongozi, muli kuti kodi?" anakuwa. "Anthu onse ali pano pageti, akudikira inu!"

Ndinavala mahedifoni otsala amene anali m'thumba mwanga. Munali mawu a mayi wina, odekha bwino.

"Tsopano tembenukani nonse. Mkulu wachikwama uja akutimva."

Mapazi onse anaima.