Kamtanda Kapansi pa Chigubu cha Oyilo

Panali munthu wina, makaniko, amene ankakonza maminibasi kuseri kwa depoti. Nkhaniyi ndi yoona. Amene anaona ndi maso alipo mpaka lero, ndipo akudya bwinobwino.

Bamboyu anali ndi chizolowezi chimene dalaivala aliyense ankachidziwa. Akathira oyilo mu injini, ankatembenuza chigubu n'kukanda kamtanda pansi pake ndi sikuludiraiva, mwini galimoto akuona. "Ichi chafa," ankatero, "sichidzabweranso." Kenako n'kuchiponya pamulu.

Mkazi wake ankamuuza kuti, "Bambo a ana, kamtanda sikapha chigubu. Muzichiboola."

"Ndikaboola, alamu ako agulitsira m'chiyani palafini?" iye ankayankha choncho, poti mng'ono wake ndiye ankabwera kudzatola zigubuzo.

Chaka chimenecho oyilo wa sinthetiki, uja wa injini zatsopano amene amachedwa kuda, anakwera mtengo koopsa. Madalaivala anamudzadzira pagalaja, patsogolo pali wina wapakamwa amene ankamutchula kuti Fulusipidi.

"A Makaniko, ife tikugwirira ntchito ana athu kapena oyilo? Anzathu kutsidya kwa malire akugula theka la mtengo uno. Tipezereni wotchipa, apo ayi tizithira wophikira!"

Sipanapite nthawi, mng'ono uja anatulukira ndi makatoni.

"Achimwene, ndachokera kutsidya. Oyilo yemweyu kumeneko ndi theka. Dziko la kutsogolo kwake ndiye amangotsala pang'ono kugawa ulere. Kuno chimatipha ndi misonkho basi."

Makaniko anayang'ana chivindikiro, chinali chomata. Anayang'ana chipepala chapatsogolo, chinali chonyezimira. Pansi sanayang'anepo. Ndani amatembenuza chigubu chatsopano?

Mkazi anamukokera pambali. "Alamu angawa malire awadutsa liti? Sabata yonseyi ndakhala ndikuwaona pamowa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

"Iwe, wa bere limodzi angandiphe?"

Chimene makaniko sankadziwa n'chakuti mng'onoyo ankatola oyilo wakutha, wokhetsedwa m'magalimoto, n'kumusefa ndi nsalu, n'kumusakaniza ndi zinazake kuti ayere, kenako n'kumata zivindikiro ndi chitsulo chamoto. Malire ake anali khomo la kuchipinda kwake.

Madalaivala anasangalala. Anamutchula makaniko uja kuti mpulumutsi, ena mpaka kumugulira zakumwa. Kenako injini zinayamba kulira ngati zameza miyala. Tsiku lina minibasi ya Fulusipidi, itadzaza anthu, inazima potsetsereka. Mabuleki anauma gwa! Inakawomba mpanda, ndipo kondakitala, amene anali mphwake wa Fulusipidi, anafera pomwepo.

Madalaivala anabwera pagalaja masana dzuwa likuswa mtengo. Makaniko anali pansi pa galimoto, anangomva manja akumukoka miyendo.

"Tuluka, mfiti iwe! Watithira chiyani?"

"Abale anga, oyilo ndi wakunja, womata. Onani nokha makatoniwo."

Fulusipidi anamenya katoni ndi phazi. Zigubu zinamwazika, chimodzi chinagubuduzika n'kukaima chagada pamapazi pa makaniko. Pansi pake panali kamtanda. Fulusipidi anatembenuza china, kamtanda. Chinanso, kamtanda.

"Dzanja la ndani ili?" Fulusipidi anakuwa. "Si uja umati chafa, sichidzabweranso? Chadzuka bwanji?"

Makaniko anayang'anitsitsa kamtandako. Dzanja linali lake ndithu, ndipo munthu amene ankatola zigubu anali mmodzi yekha. Anakweza maso, ndipo anamuona mng'ono wake ataima m'chigulumo, manja m'matumba. Akanangotchula dzina, onsewo akanatembenukira komweko. Sanatchule. Anadikira kuti mwana wa mayi ake alankhule yekha.

Analankhuladi.

"Achimwene, mwatichititsa manyazi!"

Chitsulo chomasulira matayala ndicho chinayamba, chinamuthyola nsagwada. Ena anatola masipanala ake omwe, ena mpini wa jeki. Anamuphwanya zala zimene zinawakonzera magalimoto zaka zonsezo, nthawi zina ulere. Atagwa, Fulusipidi anamuponda pachifuwa, n'kumutsegula pakamwa, n'kumuthira chigubu chonse.

"Imwa, wakunja ameneyu!"

Amayi ogulitsa malonda ankangoonerera. Wina anakweza foni kuti ajambule bwino. Pamene mkazi wake ankafika akuthamanga, nsapato zili m'manja, magazi ndi oyilo zinali zitasakanikirana pansi, osadziwika kuti chakuda ndi chiti.

Mwana wake wamwamuna ndiye anakasambitsa thupi. Akapukuta kumaso, oyilo ankatulukanso m'mphuno. Akapukuta, ankatulukanso.

Pamaliro, madalaivala omwe aja anabwera ndi maminibasi awo kudzanyamula anthu, nkhope zili zachisoni. Woyankhula m'malo mwa banja anali mng'ono uja. Analira mpaka kugwidwa mbali zonse, anati chibale n'fupa sichiola. M'mawa mwake anabwera kudzatenga bokosi la zitsulo, akuti azisunga mpaka ana akule. Chonsecho mwana wamkulu anali ndi ndevu kale.

Mpaka lero palibe amene anamangidwa. Fulusipidi akuyendetsa minibasi ina. Mng'ono uja akugulitsabe oyilo ku depoti ina, koma tsopano asanamate amayamba wayang'ana pansi pa chigubu.

Phunziro: Wina akakubweretserani oyilo wa theka la mtengo, akuti wachokera kunja, tembenuzani chigubu muone pansi, ngakhale wobweretsayo munayamwa naye bere limodzi. Chigubu chikatha, boolani. Mkazi wanu akakuchenjezani, mverani. Ndipo inu amene mumatola chitsulo musanafunse, inu amene mumajambula munthu akufa kenako n'kudzakhala pamaliro ake, Mulungu anakuonani, ndipo ana a munthuyo nkhope zanu sanaziiwale. Tumizani nkhaniyi kwa dalaivala ndi makaniko aliyense amene mukumudziwa, mpaka ikafike m'foni ya amene anapha mkulu wake ndi pakamwa.