Chimezamphuno cha Bambo

"Ndipatse chimezamphuno changa," anatero bambo, akuloza kapu yakale yapulasitiki imene inali pawindo, yotafunidwa m'mphepete. Makapu okongola onse amene mwana wawo ankabwera nawo kuulendo ankawakana.

Mwana wawoyo, mwini malole, anaipereka osawayang'ana kumaso. Anali munthu wodutsa malire khumi ndi anayi, woyamba ndi wilibala n'kufika pa malole makumi atatu. M'thumba la jekete munali zinthu ziwiri: kalata yopita kwa dokotala wa matenda oiwala, ndi kabuku kake katsopano ka mawu oseketsa.

Mawuwo iye anachita kuba kwa bambo ake. Chimwalirireni mayi, bambo anayamba kutchula zinthu mayina achilendo. Nsapato ankati gogodigo. Wotchi, tsekutseku. Akatero ankamuyang'anitsitsa nthawi yaitali, ngati munthu wodikira basi yochedwa.

Iye ankatola mawuwo n'kukawaveka suti. Pa maphwando a amalonda ankaimirira, n'kudziguguda pachifuwa.

"Gogodigo ndinakamumva kudziko lozizira, kumene asilikali amagogoda pansi asanaponde, kupempha njira kwa nyerere! Chimezamphuno? Inali kapu ya mfumu ina ya kutsidya kwa nyanja. Inamwa tiyi mwadyera, podzuka pampando mphuno palibe!"

Anthu ankaseka mpaka kugwira nthiti. Palibe ankadziwa kuti akuseka matenda a bambo ake. Iye yekha ndiye ankadziwa.

Mlongo wake wamkulu, amene ankakhala ndi bambo, analowa ndi ketulo.

"Achemwali," ananong'ona mwini malole, "ndachimwa ine. Kusokonezeka kwa bambo ndakusandutsa nthabwala. Onani." Anatulutsa kabuku kaja, kenako kalata. "Lero ndiwatenga, akagonekedwe kuchipatala. Mwina ndingakonzeko pang'ono."

Mlongoyo anatsegula masamba awiri atatu, n'kuseka pang'ono pa nkhani ya nyerere. Atawerenga kalata, kuseka kunatha.

"Chipatala cha chiyani, iwe Bwana Malire? Akakhala ndi ine, nsapato amati nsapato. Nthawi yomwa mankhwala anga amandikumbutsa ndi iwowa."

"Nanga mawuwa akuwatenga kuti?"

Mlongoyo anatenga kapu ija m'manja mwa bambo, n'kuiika pachikhatho cha mchimwene wake.

"Anatafuna apa ndani? Uli ndi zaka zitatu, kapu iyi inkakumeza mphuno ukamamwa. Mawu onsewa unapeka ndiwe, uli pamiyendo pawo. Chaka chathunthu akhala akukuitana nawo, kuti mwina ukumbukira."

Atakhala pabedi pawo, bambo anali chimuyang'anire mwana wawo wamwamunayo.